Magazi a Masabata Atatu

Pa zaka khumi ndi zinayi zomwe Sajeni Perpetua Kamanga anagwira ntchito yofufuza milandu, anaonapo anthu akubwera nawo pa polisi atawamanga ndi luzi, ndi malamba, ngakhale ndi mawaya a mabuleki a njinga. Koma mayi amene anamutsitsa m'galimoto masana a Lachiwiri lija pa polisi ya Kasungu anali atamangidwa ndi chingwe cha ng'ombe, ndowe zikadali pachingwepo, mwana ali kumbuyo akulira mawu atasasa.

"Mmasuleni," anatero Perpetua.

"Ndi woopsa ameneyu, mayi," anayankha bambo wonenepa amene anagwira nsonga ya chingwe. Anavala jekete yakuda ngakhale dzuwa la Disembala linali likuswa mtengo, ndipo ankanunkhira sopo wodula.

"Ndati mmasuleni. Kuno si ku dibi la ng'ombe."

Bamboyo anakhala pampando asanapatsidwe, natulutsa kansalu kopukutira misozi. Misozi yake Perpetua sanaione.

"Ndine Grey Chipofya. Ndili ndi esiteti ya fodya cha ku Kaluluma, komanso ndine mkulu wa mpingo. Mayiyu ndi Fainala, mkazi wa tenanti wanga Lazaro. Anthu amenewa ndinakawatenga ndekha ku Phalombe, ndimawasunga ngati ana anga. Lero m'mawa wamenya mwamuna wake ndi munsi. Apa." Anadzigwira kumanzere kwa mutu, pamwamba pa khutu. "Tamusiya kuchipatala, sakudziwa kanthu. Satana, mayi. Satana wavuta masiku otsiriza ano."

"Munaona akumumenya?"

"Ine? Ayi. Ine ndinanyamuka sikisi koloko kupita ku msonkhano wa akulu a mpingo. Tinalipo anthu khumi ndi atatu, abusa ali pomwepo. Ndatuluka m'tchalitchi itakwana leveni, pamene kapitawo wanga Tsoka anadzandiitana. Mukhoza kufunsa aliyense."

Perpetua analemba zonse, ndipo pansi pa mawu omalizawo anadula kamzere. Iye anali asanafunse n'komwe kumene bamboyo anali.

Anamutengera Fainala m'kachipinda kena namupatsa madzi. Mayiyo anayamba wamwetsa mwana. Anali woonda, wa zaka zosapitirira makumi atatu, chitenje chake chitasanduka mtundu wa dothi.

"Ndawapha ndine, amayi," anatero asanafunsidwe. "Lembani choncho."

"Sanafe. Munawamenya ndi munsi?"

"Munsi ndiutenga kuti? Timabwereka kwa anzathu. Ndinawakankha."

"Chifukwa chiyani?"

Fainala anayang'ana pansi. "Anakodzeranso pamphasa. Munthu wamkulu, bambo wa mwana. Masiku onsewa akhala akuyenda dzandidzandi, kuyankhula ngati m'kamwa muli mbatata yotentha, khasu kumawagwa m'manja. Ndinkati mwayamba mowa inu, chikhalirecho kwathu simunkaulawa. Iwo kumangondiyang'ana. Ndiye lero nditaona mphasa yanyowanso, mtima unandipsa. Ndinawakankha pachifuwa, anakhala pansi. Kenako a kapitawo anabwera kudzawatenga kuti akafolere chigafa cha fodya. Sipanapite nthawi, ndinamva anthu akukuwa kuti agwa."

"Agwa kuchokera padenga?"

"Sanafike n'komwe pamwamba. Akuti anangoponda makwerero kawiri, basi phi! Abwana atabwera anati ndawavulaza ndine, poti anthu anatimva tikukangana." Anapukuta mamina a mwana ndi chala. "Kapena ndi zoona. Ine za m'mutu mwa munthu ndizidziwa bwanji?"

* * *

Perpetua anafika kuchipatala akumukweza Lazaro mu ambulansi yopita ku Lilongwe. Fungo la mkodzo wogonera linamuchingamira asanafike pamachira. Munthuyo anali mafupa okhaokha, ndevu zili nyankhalala, akuliza mkonono maso ali chitsekere.

"Bala lili pati?" anafunsa namwino.

"Ndi ili basi." Namwinoyo analoza pamphumi, cha kumanja, pamene panangosupuka ngati mwana akagwa posewera. "Koma diso lakumanzere silikuoneka bwino, ndiye adokotala ati akamujambule m'mutu. Makina ake kuno tilibe."

Perpetua anasuzumira kumanzere kwa mutu, pamwamba pa khutu. Panali tsitsi lokhalokha, lambiri, lodzaza fumbi, lopanda ndi dontho lomwe la magazi. Atakweza dzanja la Lazaro anaona zipsera zakuda kuzungulira pamene pamakhala wotchi. Anakweza linalo. Chimodzimodzi.

"Izi si za lero," anatero namwino.

"Ndaona," anayankha Perpetua, chitseko cha ambulansi chikutsekedwa.

* * *

M'mawa wa Lachitatu anakwera njinga yamoto kulowera ku Kaluluma. Fodya wa pa esiteti ya a Chipofya anali atangowokeredwa kumene, mizere yobiriwira mpaka kumene maso alekezera. Nyumba ya bwana inali ya malata ofiira, maluwa ali mbwee pakhonde. Matenanti ankakhala kuseri kwa khola, m'timisasa taudzu tomwe munthu amalowa chokwawa. Mvula ya dzulo lake inali itakokolola za m'khola zonse kudutsa nazo pakati pa timisasato, mpaka pa chitsime chimene mayi wina ankatungapo madzi obiriwira. Perpetua anayang'ana kumbali.

Aliyense amene anamufunsa ankayankha akuyang'ana zala za kumapazi. Sanaone. Anali kumunda. Anangomva phokoso.

Kapitawo Tsoka anamupeza pa chigafa chomwe chija. Anali wamtali, wa nsapato za jombo, ndipo m'khwapa anapanira chibonga chomwe kunsonga kwake anakhomerako nati yaikulu ya thirakitala.

"Lazaro anagwa bwanji?"

"Anagwa basi."

"Munalipo?"

"Ndinalipo."

"Anali ataledzera?"

"Amatero abwana."

"Nanga inu mumati chiyani?"

"Ine ndimanena zomwe anena abwana."

"Zipsera za m'manja mwake zija?"

Tsoka analoza ndi chibwano mtengo wa mango umene unali pakati pa bwalo. "Munthu akaledzera pa ntchito timamumangirira apo kuti mowa uchoke. Ndi lamulo la pano."

"Munamumangirira kangati?"

"Kawiri." Anaganiza pang'ono. "Katatu."

Kutsidya kwa msewu kunali utsi, ndipo pansi pa utsiwo panali mayi wojintcha akusonkhezera moto pa mgolo wa kachasu. Ataona Perpetua sanathawe. Anaika manja m'chiuno.

"Ngati mwabwerera mgolowu, mama, yambani mwakhala pansi, chifukwa anzanu anabwera kale mwezi watha."

"Ndabwerera Lazaro."

"Wa ku Phalombe uja? Yayi, mama, yayi! Ine ndine Angelina, kachasu yense wa dera lino amatuluka m'paipi yanga iyi. Munthu akaledzera kuno ndiye kuti wadutsa pano. Uja sanalawepo ngakhale ka m'chivindikiro. Ankadutsa apa n'kumandilalikira, akuti mayi, siyani zimenezi. Ine n'kumati alamu, ana anga adya ulaliki?"

"Koma anthu akuti ankayenda dzandidzandi."

"Nadi, ndinamuona ndi maso angawa. Mwendo wakumanja kumaukoka, mkono uli lende ngati si wake. Ine ndinati amulodza. Tsiku lina ndinamuimitsa pamsewu pomwepa, ndati alamu, chavuta n'chiyani? Anatsegula pakamwa, kulimbana, kulimbana, mawu osatuluka. Kenako misozi chuchuchu. Woledzera ndimamudziwa ine, mama. Woledzera sasowa mawu, amachita kusefukira nawo."

"Zinayamba liti?"

"Aa, ine masiku sindiwerenga. Papita ndithu timasabata."

Perpetua akukwera njinga, foni inalira m'thumba. Nambala inali yachilendo.

"Sajeni Kamanga? Ndine Dokotala Gomezgani Luhanga, kuno ku Lilongwe. Papepala la wodwala wanuyu palembedwa kuti anamenyedwa ndi mkazi wake dzulo. Mkaziyo ali kuti?"

"Ali m'chitokosi."

"Mubwere mawa. Pali chimene muyenera kuona ndi maso anu."

* * *

Chipinda chimene Dokotala Luhanga anamulowetsa chinali chozizira, makatani atatsekedwa kuti zithunzi za pa kompyuta zizioneka bwino. Dokotalayo anali wamfupi, wa magalasi okhuthala, maso ali ofiira ndi kutopa. Ankayankhula modekha ngati mphunzitsi amene wabwereza phunziro lomwelo zaka zambiri.

"Munaonapo sikani ya mutu?"

"Ayi."

"Chabwino. Makina a CT amajambula mutu mapisi mapisi, monga mmene mumadulira nkhaka, kuyambira m'munsi kukwera mpaka pa liwombo. Ndiyamba ndakuonetsani mutu wa munthu wabwinobwino." Anadina batani. "Choyera chozungulirachi ndi fupa, chibade. Chotuwa m'katimu ndi ubongo. Tikumuona ngati taima kumapazi kwake, ndiye kumanja kwa chithunzi ndi kumanzere kwa munthu. Musasokonezeke. Mukuona kuti ubongo uli mbali ziwiri zofanana, ndipo mzere wozigawa wadutsa pakati penipeni? Timaenje tiwiri takuda pakatipa ndi ta madzi, aliyense ali nato, nanunso muli nato. M'mphepete monsemu muli makwinya, akuoneka bwinobwino mbali zonse. Mwazigwira?"

"Ndazigwira."

"Tsopano uyu ndi Lazaro."

Perpetua sanafunike kuuzidwa. Mzere wapakati uja unali utapindikira mbali imodzi. Kadzenje kamodzi ka madzi kanali katafinyika, kotsala pang'ono kutsekeka. Makwinya a mbali ina anali atafafanizika, ndipo pakati pa fupa ndi ubongo panagona chinthu chakuda chopindika ngati chikwakwa, kuyambira kumphumi mpaka cha kunkhongo.

"Amenewo ndi magazi," anatero dokotala. "Kamtsempha kanaduka pansi pa chibade, magazi n'kumadontha pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku. Chibade sichifutukuka, ndiye chimene chimapanikizika ndi ubongo. Mbali yakumanzereyi ndi imene imayendetsa mkono ndi mwendo wakumanja. Ndipo apa," anagogoda pa galasi ndi cholembera, "ndi pamene pamatuluka mawu. Pakapanikizika, munthu amadziwa chimene akufuna kunena, koma sichibwera pakamwa. Amayenda mopepesuka, mkodzo sangaugwire. Amene sakudziwa amati waledzera."

Perpetua anaona mtengo wa mango uja m'maganizo mwake. Munthu atamangiriridwa padzuwa, magazi akudontha m'mutu, akulephera ngakhale kunena kuti mutu ukundipweteka. Katatu.

"Ndiye mkazi wake atamukankha Lachiwiri..."

"N'chimene ndakuitanirani. Magazi atsopano pa makina awa amaoneka oyera mbee, kutsala pang'ono kufanana ndi fupa. Pakatha sabata imodzi kapena masabata awiri amatuwa, n'kufanana ndi ubongo. Akafika poda chonchi ndiye kuti akalamba, masabata atatu kapena kupitirirapo. Tsiku lenileni sindingalumbirire. Makina a MRI a ku Blantyre akanatithandiza kuyerekeza bwino. Koma Lachiwiri ayi. M'mutu monsemu mulibe magazi a Lachiwiri. Tsiku limenelo ubongo unangofika potopa. Akanagwabe, kumukankha kapena osamukankha."

"Mukhoza kunena zimenezi m'khoti?"

"Ndi chithunzi m'manja. Koma dikirani." Anadinanso, ubongo unazimirira, panatsala fupa lokha likuwala. Anachikuza chithunzicho. Pamwamba pa khutu lakumanzere fupa linali litabonyokera m'kati. "Khungu la pamwamba pake silinatupe ngakhale pang'ono, umboni winanso woti n'zakale. Titamumeta tapeza chipsera chopola kale, tsitsi litachiphimba. Kugwa sikusiya chizindikiro chotere. Ichi ndi chitsulo, ndipo chili ndi ngodya. Tawerengani."

Perpetua anayandikira. Ngodya zinayi zinkaoneka bwino, ziwiri zinkachita kuganiziridwa. Zisanu ndi imodzi.

"Apulumuka?"

"Tamuboola chibade m'mawa uno. Magazi atuluka akuda ngati oyilo wakale wa mu injini. Watsegula maso. Zoyankhula tidikire, mwina zibwera, mwina ayi." Dokotala anavula magalasi n'kupukuta. "Chitsulo chotere mukuchidziwa?"

"Ndinacheza nacho dzulo," anatero Perpetua.

* * *

Lachisanu m'mawa anatsegula yekha chitokosi. Fainala anali atakhala pakona pafupi ndi chidebe, mwana ali pabere.

"Tulukani, mayi. Amuna anu sanawavulaze ndinu. Ali moyo, atsegula maso."

Fainala sanasangalale. Anamvetsera zonse za magazi akuda aja, pakamwa pali yasa, kenako anadzigwira pamutu ndi manja onse awiri.

"Ndiye kuti samamwa? Mayo ine! Ndinkawatukwana, amayi. Ndinkawagoneka pansi popanda mphasa. Tsiku lina ndinawamana chakudya kuti akadye komwe amamwako. Iwo kumangondiyang'ana."

"Simunkadziwa."

"Ndine mkazi wawo. Ndinayenera kudziwa."

Perpetua anamudikira kuti alire kaye. Kenako anakhala naye pabenchi. "Ndithandizeni. Bwererani m'mbuyo masabata atatu. Kunachitika chiyani?"

Fainala anawerenga Masabata a kutchalitchi pa zala, nabwerezanso. Mwadzidzidzi anasiya.

"Tsiku la makuponi."

"Fotokozani."

"Abwana amalembetsa maina athu tonse matenanti kuti tizilandira makuponi a feteleza wotsika mtengo, ngati ndife a m'mudzi momwemo. Tikalandira kusukulu kuja, timakawapereka kwa iwo pageti. Chaka chilichonse ndi choncho. Koma chaka chino bambo a mwanayu anati yawo sapereka. Munthu wina anawabwereka kamunda kutsidya kwa dambo, amafuna tidzaleko chimanga chathuchathu. Anati dzina lili pakuponipo ndi lawo. Anabwera dzuwa likulowa, chipewa atachikokera m'makutu. Anati agunda mtanda wa chigafa. Kuponi analibe. Anagona choyang'ana kukhoma, osadya."

* * *

Masana ake Perpetua anabwerera ku esiteti pa galimoto, ndi apolisi awiri. Tsoka anamupeza pa nazale. Anamulanda chibonga chija, nachigoneka pa boneti pambali pa chithunzi cha chibade chimene dokotala anamusindikizira.

"Werengani ngodya za nati yanu. Kenako muwerenge izi."

Tsoka anayang'ana, thukuta likutsika m'khosi.

"Ichi ndi chibade cha Lazaro. Makina akuti anamenyedwa masabata atatu apitawo, osati Lachiwiri. Chibonga ndi chanu, nati ndi yanu, aliyense pano amakuonani nacho. Lazaro akamwalira, mlandu ndi wakupha. Abwana anu ali ndi abusa, ali ndi akulu a mpingo, apeza ndi loya wa ku Lilongwe. Inu muli ndi ndani?"

"Ine ndimanena zomwe..."

"Ku ndende ya Maula simukapita ndi abwana. Mukapita nokha."

Kapitawoyo anakhala pansi pa dothi lonyowa, jombo zili tambalale. Mawu amene anawasunga masiku onsewo anatuluka nthawi imodzi.

"Sindine, amayi. Ine ndinangomugwira. Tinali pageti, onse atapereka makuponi, anatsala iye yekha. Abwana anati bweretsa. Iye anati ayi bwana, chaka chino mundikhululukire. Abwana anati wadya chimanga changa miyezi isanu, lero ukundiyankha? Anandiuza kuti ndimugwire manja. Ndinamugwira. Ndinkaganiza kuti angomupisa m'thumba. Iwo anasolola chibonga m'khwapa mwangamu. Kamodzi kokha. Chinalira ngati waswa chipanda. Magazi sanatuluke ambiri, anandiuza kuti ndimuthire dothi pabalapo ndi kumuveka chipewa. Atayamba kudzandira masiku otsatira, anati tizinena kuti ndi mowa. Ndipo Lachiwiri nditakawauza kutchalitchi kuti wagwa, anafunsa kuti alipo amene anakangana naye? Ndinati mkazi wake, m'mawa. Anati basi, Mulungu watiyankha."

Perpetua anamva ngati waponda chinthu chowola ndi phazi lopanda nsapato.

"Anatero?"

"Anatero, amayi. Pakhomo pa tchalitchi."

* * *

A Chipofya anawapeza pakhonde, akuwerenga Baibulo la zipi, mbale ya mtedza wokazinga ili pambali.

"Mayi Kamanga! Takulandirani. Mumwa chiyani? Ndamva kuti mwana wathu Lazaro watsegula maso. Takhala tikumupempherera."

"Ndili ndi mafunso ochepa, bambo."

"Funsani. Koma monga ndinanenera, ine ndinanyamuka sikisi koloko, abusa..."

"Za Lachiwiri sindikuzifuna. Ndikukhulupirira kuti munali kutchalitchi. Ndikufuna za tsiku limene matenanti anu analandira makuponi. Madzulo ake munali kuti?"

Dzanja limene linkapita ku mbale ya mtedza linaima m'malere.

"Papita nthawi. Sindingakumbuke."

"Tsoka akukumbuka."

"Tsoka ndi chidakwa ndi wabodza. Ndakhala ndikumusunga chifukwa cha chifundo. Ngati wavulaza munthu ndi chibonga chakecho, aone yekha."

"Ndani wanena za chibonga?"

A Chipofya anatseka Baibulo pang'onopang'ono, nakoka zipi.

"Palinso china," anapitiriza Perpetua, akutsegula kabuku kake. "Lachiwiri munandiuza kuti Lazaro wamenyedwa kumanzere, pamwamba pa khutu. Munadzigwira pomwepo ndi chala. Bala limene linkaoneka tsiku limenelo linali pamphumi, kumanja. Lakumanzerelo linali litapola, lili pansi pa tsitsi. Namwino sanalione. Ine sindinalione. Mkazi wake amene amagona naye sanalione. Analiona ndi makina a ku Lilongwe, ndi lezala la adokotala. Inu munalidziwa bwanji?"

Bamboyo anamwetulira, nasendeza mpando kufupi, natsitsa mawu.

"Mayi, inu ndi ine ndife anthu ozindikira. Anthu awa simukuwadziwa. Ukawalekerera kamodzi, mawa esiteti yonse yakukwera pamutu. Linali dzanja chabe linalemera, ngozi. Ine ndimudyetsa mpaka achire." Anayang'ana apolisi awiri aja amene anaima patali. "Muli ndi munda kwanu? Chaka chino feteleza wavuta. M'nyumba yosungira katundu umo muli matumba oti akhoza kufika pakhomo panu popanda wina kudziwa."

Anaika dzanja lake lofewa, lonona ndi mafuta a mtedza, pa dzanja la Perpetua. Iye analichotsa n'kulipukuta pa siketi, kawiri.

"Matumba amenewo tiwatenga ndithu," anatero. "Ndi umboni. Imirirani."

Unyolo unavuta kutseka chifukwa cha kunenepa kwa mikono. A Chipofya anadandaula kuti ukuwapweteka.

Pamene ankatsika nawo masitepe, Perpetua anaona kuti ntchito yaima. Matenanti anali atasiya makasu m'mizere, ataima m'mbali mwa njira yopita ku galimoto, amuna kutsogolo, akazi kumbuyo. Palibe anakuwa, palibe anaseka. Ankangoyang'ana unyolo uja ngati sakukhulupirira kuti ungakwane pa mkono wotero.

Atamukweza bwana wawo m'galimoto, mkulu wina wa imvi anatuluka pagulu. Anayenda motsimphina mpaka pamene panali Perpetua, nagwada pang'ono mwaulemu.

"Pepani amayi, ndifunse nawo. Ine ndine Lucious, wa ku Thyolo. Ndamva kuti makina a ku Lilongwe aona bala la masabata atatu."

"Ndi zoona, bambo."

Mkuluyo anavula chipewa chake chong'ambika, naweramitsa mutu. Pakati pa imvi panali malo obonyoka, oti chala chachikulu chikhoza kukhalamo.

"Nanga la chaka chatha angalione?"

Perpetua asanayankhe, mayi wina anali atayamba kupinda mkono wa bulauzi, kuonetsa fupa limene linapola mokhota. Kumbuyo kwake bambo wina ankamasula mabatani a malaya.

Perpetua anayang'ana mzere umene unkapangika, anayang'ana kabuku kake kamene kanatsala masamba atatu okha.

"Zimitsani galimoto," anauza dalaivala. "Ndipo mukabwereke mpando ndi makope kusukulu. Bambo Lucious, tiyambira inu."